Ikadzalira, Udzanditengere Kumudzi

Kumpoto chakumadzulo kwa Harare, pakati pa Darwendale ndi Banket, kuli dera la Trelawney, kumene mabalani a fodya a njerwa zofiira adakali chiimire ngakhale ambiri adaleka kufuka utsi. Kumeneko kuli nkhalamba ina imene dzina lake la pa chitupa lidaiwalika kalekale. Wamkulu ndi mwana yemwe amangoti a Makaniko. Adabadwa mu 1952 m'komboni ya pulazi ina ya fodya. Kufikira lero, akamva injini ikulira patali amadula nkhani pakati, kupendeketsa mutu, kenaka n'kunena kuti injiniyo ili ndi masilinda angati ndiponso kuti ikudwala pati.

Chinthu chimene adachikonda moyo wawo wonse chili ndi maina ambiri pakati pa olankhula chiyankhulo chathu. Wa ku Dedza amati galimoto, wa ku Chipata ndi ku Lusaka amati motoka, wa ku Tete nthawi zina amatengera Chipwitikizi n'kunena kuti karo, pamene anansi Achishona amati motokari. M'komboni imene a Makaniko adakuliramo maina onsewa ankamveka tsiku limodzi, pakuti anthu ake adachokera mbali zonsezi. Koma mtundu wa galimoto umene udawadya mtima udalibe dzina m'chiyankhulo chilichonse cha m'kombonimo. Eni ake ku America amautcha muscle car, kunena galimoto ya minofu. Iwo adaupatsa dzina lawolawo: galimoto ya chifuwa. Ankati galimoto zina zimalira ndi mphuno, zina ndi pakhosi, koma izi zimalira kuchokera m'chifuwa ngati ng'oma yaikulu ya pabwalo.

Bambo awo adachoka ku Dedza mu 1947. Adayenda pansi masiku ambiri m'dziko la Apwitikizi, kenaka adakwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia lidaika kuti azinyamula mwaulere anthu opita kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi. Adatsazika kuti akakhala zaka ziwiri zokha, apeze ya msonkho, njinga ndi bulangete la amayi awo. Zaka ziwirizo zidasanduka khumi. Adakwatira mwana wa munthu wa ku Angónia amene nayenso adadzera ntchito, ana adabadwa, tikiti idatsata tikiti inzake, ndipo kumudzi dzina lawo lidalowa m'gulu la matchona.

Mwana wawo wachisamba adayamba ndi galimoto za mawaya monga ana onse. Anzake ankapinda malole ndi mathirakitala, zinthu zimene makolo awo ankakwera. Iye ankapinda galimoto yaitali, yotambalala, yotengera Chevrolet imene mwini pulazi ankapita nayo ku okushoni ya fodya ku Salisbury. Bambo ake ataiona adapukusa mutu.

"Iwe, galimoto si ya munthu wa pa tikiti," adatero. "Phunzira kusankha fodya, udzadya."

Mu 1966, ali ndi zaka 14, a Makaniko adalowa m'shedi yokonzeramo mathirakitala ngati mnyamata wopatsira masipanala. Inali nthawi yovuta kwa eni injini, koma yabwino kwa wofuna kuphunzira. Ian Smith adali atalengeza pa 11 November 1965 kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain, maiko adatseka malonda, petulo ankagulidwa ndi makuponi, ndipo fakitale ya Ford ya ku Willowvale, imene idatsegulidwa mu 1961, idasiyidwa ndi eni ake mu 1967. Zitsulo zatsopano zidasowa. Chothyoka chinkawotcheredwa, chodyeka chinkasulidwanso, gasiketi inkadulidwa kuchokera ku katoni yolimba. M'shedimo mnyamatayo adaphunzira kuti injini siitayidwa isanafunsidwe bwinobwino chimene chikuivuta.

M'shedi momwemo mudali mulu wa magazini akale a galimoto amene mwana wa mwini pulazi adawataya. Sukulu ya papulazi idawafikitsa a Makaniko kalasi lachitatu lokha, choncho Chingerezi chochuluka adachiphunzira pansi pa zithunzi zimenezo. M'menemo adadziwa kuti mu 1964 kampani ya Pontiac idatenga injini yaikulu ya malita 6.4, ya masilinda asanu ndi atatu oikidwa mizere iwiri yokumana pansi ngati chilembo cha V, n'kuiika m'galimoto ya msinkhu wapakati, ndipo GTO idabadwa. Adadziwa za Ford Mustang imene idatuluka mu April chaka chomwecho, za Dodge Charger ya 1968 ndi injini yake ya Hemi ya malita 7, za Plymouth Road Runner ndi Chevrolet Chevelle. Ankatha kutchula manambala a injini zonsezi pamtima monga mmene mwana wa sukulu ya mishoni amatchulira mabuku a m'Baibulo. Sadaganizepo kuti adzaiona ndi maso ngakhale imodzi. Zambiri zidali ndi chiwongolero kumanzere, zopangidwira misewu ya kwawo, ndipo dziko limene iwo adalimo lidali lotsekeredwa.

Koma mu 1972 mwana wa mwini pulazi uja adabwera kuchokera ku South Africa ndi Ford Fairmont GT. Galimotoyi inkamangidwa ku South Africa komweko potengera Falcon GT ya ku Australia, koma mtima wake udali wa Chimereka: V8 ya malita 5.8. Chipewa cha injini chidatulukira pamwamba pa boneti, ndipo injini ikamalira chinkanjenjemera poyera. A Makaniko adaimva isanaoneke, ikadali kuseri kwa mitengo ya bulugama. Amati adasiya sipanala pansi osadziwa kuti aisiya.

Patapita milungu ingapo galimotoyo idayamba kutsokomola, ndipo idabwera kushedi. A Makaniko adamasula kabuleta, kuitsuka, kuibwezera, n'kuitchera ndi khutu. Mwini wake adawalola kukhala pampando kuti aponde mafuta iye akumvetsera kutsogolo. Adaponda katatu. Mpando udagwedezeka, malata a shedi adayankha, nkhuku zidabalalika. Kenaka mwini galimoto adatambasula dzanja, iwo adapereka makiyi. Matayala sadagubuduke ngakhale phazi limodzi. Umenewo ndiwo ulendo wokhawo umene a Makaniko adayendapo pa galimoto ya chifuwa. Mu 1980, dziko litalandira ufulu, Fairmont ija idalowera kummwera kudzera pa Beitbridge pamodzi ndi mwini wake, ndipo siidabwerenso.

Ufulu udadza ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa. Wantchito wa papulazi adayamba kulandira madola 30 pamwezi, ndipo makaniko ankaposerapo pang'ono. Kuseri kwa shedi, pansi pa mtengo wa msasa, padali Valiant ya 1968 imene idafa kalekale. Matayala adaphwa, mipando idadyedwa ndi makoswe, ndipo nkhuku za akapitawo zinkaikira mazira m'buti. Mu 1983 a Makaniko adalimba mtima n'kuipempha. Adagwirizana kuti mtengo wake uzidulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri.

Ankadziwa bwino kuti siinali ya chifuwa. Injini yake idali ya masilinda asanu ndi limodzi, malita 3.7, yogonekedwa chopendekera mbali imodzi, yotchuka chifukwa cha kupirira osati liwiro. Koma Valiant ndi Charger zidachokera m'nyumba imodzi ya Chrysler, ndipo iwo ankati, "Ameneyu ndi mphwake wa Charger. Mkulu wake adapita kutauni, iye adatsala kumunda ngati ine."

Akazi awo sadaseke nawo nthabwalayo. Ana adali anayi, ndipo ndalama yodulidwayo idali ya sopo ndi yunifolomu. "Bambo, kodi chitsulochi tidzathira mchere n'kudya?" adafunsa. Komboni yonse inkadikira kuti bambo awo, amene tsopano adali nkhalamba yolondera mabalani usiku, anenenso mawu aja a pa tikiti. Madzulo ena nkhalambayo idapita pansi pa msasa, kuizungulira galimotoyo kawiri, n'kugogoda boneti ndi ndodo.

"Kodi ingafike ku Dedza?"

"Ikachira ingafike, bambo."

"Ikadzalira, udzanditengere kumudzi."

Kuyambira tsiku limenelo ntchitoyo idasintha. Loweruka lililonse la malipiro a Makaniko ankakwera basi kupita ku Harare, ku msika wa zitsulo wa Siyaso ku Mbare, kukafufuza m'milu ya zakufa: pisitoni kuno, pampu ya madzi uko, galasi la kutsogolo kwa munthu wina amene ankaliyesa chitseko cha khola. Mipando adaisoka akazi awo omwe aja ndi nsalu ya matumba, akung'ung'udza koma akusoka. Zidatenga zaka zinayi. Mu 1987, Lamulungu lina masana, Valiant idatsokomola utsi wakuda, kunjenjemera, n'kugwira. Amayi adaimba nthungululu. Nkhalamba ija idalowa m'nyumba n'kutulutsa jekete lake la ulendo kuti liwombedwe mphepo.

Galimoto idachira, koma njira idali ikudwala. Msewu wa ku Malawi wodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Zóbuè udali pakati pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Galimoto zinkadutsa mumdipiti, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti yofera panjira siidikiridwa. Njira ina, yozungulira pa Chirundu, Lusaka, Chipata ndi Mchinji, idali yaitali kotero kuti petulo wake yekha akadadya malipiro a miyezi yambiri kwa injini yaludzu ngati imeneyo. Adagwirizana zodikira. Nkhondo siikhalitsa, adatero.

Podikirapo Valiant idapeza ntchito imene mwini wake sadailote. Idali galimoto yokhayo ya munthu wakuda m'makomboni atatu oyandikana. Usiku anthu ankagogoda pazenera: mayi wayamba kudwala matenda a pakati, mwana walumidwa ndi njoka, mkulu wina wakomoka ndi utsi wa m'balani. A Makaniko ankadzuka, kukankhitsa galimoto ngati batire yafooka, n'kulunjika ku chipatala cha ku Banket. Ana awiri adabadwira pampando wakumbuyo uja wa nsalu ya matumba. Malipiro ake adali nkhuku, lichero la mtedza, kapena zikomo chabe.

Bambo awo adamwalira mu October 1990, mvula isanagwe. Popeza adali munthu wa kudambwe, Gule Wamkulu adatuluka kudzawaperekeza, monga amachitira m'mapulazi ndi m'migodi ya Mashonaland kulikonse kumene Achewa adakhazikika, kumene Achishona amamutcha zvigure. Mwa zilombo za Gule muli china chotchedwa Galimoto, ndipo akuluakulu ena pamalirowo adanena chapansipansi kuti lero pabwalo pali galimoto ziwiri. Bokosi lidaikidwa pa Valiant, mpando wakumbuyo atauchotsa. Kuchokera pakhomo kufika kumanda a papulazi padali mtunda wosakwana kilomita imodzi. A Makaniko adayendetsa pa giya yoyamba njira yonse, anthu akuyenda pansi m'mbali. Galimoto idawanyamuladi bambo awo, koma osati kumene adapempha.

Mtendere wa Mozambique udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Mu August 1993, fodya atatha kusankhidwa, a Makaniko adapempha tchuthi. Adatenga amayi awo, mwana wawo wamwamuna wamkulu, zigubu zinayi za madzi, matayala awiri apadera, ndi kathumba mmene mudali jekete lija, chipewa, ndi dothi lodzaza manja la pamanda.

Atadutsa Nyamapanda adayamba kuona malole opserera m'mbali mwa msewu, dzimbiri litawadya, udzu utamera m'kati. Adaona mabanja akuyenda ndi mitolo pamutu, othawa nkhondo akubwerera kwawo. Malawi adali atasunga anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique. Kutentha kwa ku Tete kudawiritsa ladiyeta katatu. Kachitatuko zigubu zidali zitatha, ndipo mnyamata adatsikira ku Zambezi kukatunga, pafupi ndi mlatho waukulu umene panthawi ya agogo ake padalibe. A Makaniko amati Valiant idamwa madzi a mtsinje umene bambo awo adawoloka pa bwato, ndipo kuchokera pamenepo siidawirenso. Adakwera mapiri a Zóbuè, kulowa pa Mwanza, kukhota pa Zalewa, kudutsa Balaka ndi Ntcheu. M'misewu anthu ankawaimikira zala ziwiri, chizindikiro cha zipani zambiri zimene zidapambana pa riferendamu ya pa 14 June chaka chomwecho. Iwo ankabweza moni womwewo akuseka, pakuti kwa iwo chilembo chimenecho chidali ndi tanthauzo linanso.

Mudzi adaupeza pofunsa dzina la mfumu limene bambo awo ankalitchula. Ana adathamangira galimoto akufuula kuti kwabwera a ku Halale. Mwa onse amene adamudziwa mnyamata wochoka mu 1947, adatsala mmodzi: mlongo wake, mayi wokalamba wa maso akhungu. Adamuuza kuti kwabwera mwana wa achimwene ake. Iye sadayankhe. Adati alankhule.

A Makaniko adagwada n'kufotokoza ulendo wonse. Achinyamata amene adazungulira ankatsinana, chifukwa mlendoyo ankati sadza ponena nsima, basa ponena ntchito, pulazi ponena esiteti. Koma pakati pa mawu achilendowo padali mawu ena akale ndi kakwezedwe ka liwu kamene achinyamatawo sadakadziwe, Chichewa cha m'mudzi momwemo monga chidalili zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, chosungidwa m'komboni ngati mbewu m'chikwatu. Mayi uja adayamba kulira asanamalize.

"Ndi achimwene amenewa," adatero. "Liwuli ndi la achimwene."

Dothi lija adakalithira kumanda a makolo, jekete ndi chipewa adazipereka kwa azakhaliwo. Adakhala masiku asanu ndi anayi, akudyetsedwa ngati mafumu. Tsiku lina a Makaniko adafunsa mwaulemu ngati pangapezeke malo oti adzamangepo akadzapuma ntchito. Akuluakulu adayankha mwaulemu womwewo. Kwa Achewa munda umatsata mbumba, ndipo mwana ndi wa kwa amayi ake. Iwo adali mwana wa mwamuna wa pamudzipo, wolandiridwa nthawi iliyonse, koma kwawo kwenikweni kudali ku Angónia, kumudzi umene ngakhale amayi awo sadauonepo. Palibe adalakwa. Ku Zimbabwe ankatchedwa mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre, mzinda umene sadagonemo n'kamodzi komwe. Kuno adali a ku Halale. Asananyamuke, azakhali aja adapempha chinthu chimodzi: kuti akwere. Adawayendetsa mpaka pa boma la Dedza n'kubwerera, dzanja lawo lili pa chitseko, akumvetsera injini.

Zaka za m'ma 2000 zidagwedeza mapulazi onse a Mashonaland. Minda idagawidwa, ndipo antchito ambiri a m'makomboni adatsala opanda ntchito, opandanso mudzi wothawirako. Lamulo la unzika la 2001 lidafuna kuti obadwa kwa makolo akunja akane unzika wa maiko amene ambiri a iwo sadakhalemo, ndipo pa zitupa zawo padali kale liwu lowatcha alendo. Pulazi ya a Makaniko idagawidwa mu 2002. Iwo adatsala m'nyumba yawo ya m'komboni, akukonzera alimi atsopano mapampu ndi mathirakitala. Petulo adasowa m'dziko lonse. Valiant idabwerera pansi pa msasa womwe uja, ndipo mwezi uliwonse ankaitembenuza injini ndi dzanja kuti isagwirane.

Mu 2008, ndalama itasanduka mapepala ndipo njala italowa m'nyumba, kudabwera anthu ogula zitsulo zakale. A Makaniko adagulitsa thupi ndi injini posinthana ndi matumba atatu a chimanga. Akazi awo, amene adafunsa kale ngati chitsulocho adzachidya, sadanene kanthu tsiku limenelo. Adapita kumunda m'mamawa kuti asaone chikudulidwa. Chimangacho chidawafikitsa ku zokolola. Koma ekiselo yakumbuyo ndi matayala ake a Makaniko adakana nazo, pamodzi ndi kachitsulo konyezimira kolembedwa dzina la galimotoyo. Pa ekiseloyo adamangapo ngolo.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 adazindikira kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, wokhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. A Makaniko adakasintha chitupa ali ndi zaka zoposa 60. Ku America nako nyumba zija zidagwa: Plymouth idatsekedwa mu 2001, Pontiac mu 2010. Atauzidwa zimenezi adakhala chete kanthawi, kenaka adati sadadziwe kuti nazonso zimafa.

Mdzukulu wawo wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg. Tsiku lina adapita ku chionetsero cha galimoto zakale, adapeza Fairmont GT, n'kupempha mwini wake kuti ailize. Adajambula pa foni n'kutumiza pa WhatsApp. Nkhalambayo siidasamale chithunzi. Idaika foni pakhutu, kutseka maso, n'kuimvetsera kasanu. Kenaka idatumiza mawu akuti auzidwe mwini wakeyo kuti kabuleta ikumwa mafuta ambiri.

Mdzukuluyo atabwera pa Khirisimasi adafunsa funso limene ena onse ankaliopa. "Agogo, sizikuwawani kuti simudayendetsepo ya chifuwa?"

"Zimawawa," adatero. "Ndikadakonda kuimva pa msewu wa ku Chinhoyi, kamodzi kokha. Koma ikadakhala ija, pa Tete sitikadadutsa. Ikadamwa petulo yense tisanaone Zambezi."

Ngolo ija ikadalipo. Imakokedwa ndi ng'ombe ziwiri za mnansi, ndipo kachitsulo kolembedwa Valiant kadakhomedwa pa thabwa lakumbuyo. Imanyamula chimanga, nkhuni ndi mabelo a fodya a alimi ang'onoang'ono. Usiku, wina akadwala, anthu amagogodabe pazenera lomwe lija. A Makaniko sapitanso okha, miyendo idatha. Amatuluka ndi tochi, kugwedeza tayala lililonse kuti amve ngati mabeling'i ali bwino, n'kuuza anyamata kuti pa dzenje la pafupi ndi mabalani adutse pang'onopang'ono.